Kuweta Nsomba Yodzifufumitsa m'Kalasi: Phunziro la Mchere ndi Madzi

Mphunzitsi wa Sayansi amene afuna kuti ana aphunzire poona ndi pogwira amasunga zamoyo pa ngodya ina ya kalasi, monga mbewu zomera m'zitini, mbululu m'botolo, mwinanso tinsomba m'thanki ya galasi. Mwa nsomba zimene anthu amaweta m'mathanki otere m'nyumba zawo, ilipo ina imene imakopa ana koposa, ndiyo nsomba yodzifufumitsa, imene m'Chingerezi amaitcha pufferfish. Ili ndi maso aakulu amene amayenda lililonse palokha, imasambira pang'onopang'ono ngati ikungoyandama, ndipo ikaopsezedwa imameza madzi mpaka kubulungira ngati mpira. Komabe nsombayi imafa msanga m'manja mwa oweta osadziwa. Chimene chimaipha kawirikawiri ndi madzi osayenera, pakuti mitundu ina imafuna madzi a mchere pang'ono, ndipo mchere ukasungunuka suoneka ndi maso. Nkhani ino ifotokoza kawetedwe ka nsombayi, ndiponso isonyeza kuti ntchito yoyeza mchere, imene imasunga moyo wake, ndiyo phunziro lalikulu limene ana angatole pa thankiyo.

Nsombayi ndi kwawo kwake

Mitundu ya nsomba zodzifufumitsa ndi yoposa 150. Yambiri imakhala m'nyanja zamchere za m'maiko otentha. Ina yowerengeka imakhala m'madzi opanda mchere, monga Tetraodon mbu ya mu mtsinje wa Congo ndi m'nyanja ya Tanganyika, imene imatalika kupitirira theka la mita. M'nyanja ya Malawi mulibe nsomba za banja limeneli. Chifukwa cha kusiyana kumeneku, woweta ayenera kudziwa dzina lenileni la mtundu umene wagula, popeza madzi oyenera mtundu wina angathe kupha mtundu unzake.

Mitundu iwiri ndiyo imagulitsidwa kwambiri kwa oweta nsomba za m'madzi a mchere pang'ono. Woyamba ndi Dichotomyctere nigroviridis, nsomba ya msana wobiriwira wa madontho akuda ndi mimba yoyera, imene imatalika masentimita 15 kapena kupitirira pang'ono. Wachiwiri ndi Dichotomyctere ocellatus, nsomba yaing'ono ya masentimita ngati 8, imene mizere yachikasu ya pamsana pake imajambula nambala 8. Mabuku akale amazitcha Tetraodon nigroviridis ndi Tetraodon biocellatus. M'nkhani ino tizitchula yoyambayo ya madontho, ndi yachiwiriyo ya mizere.

Kwawo kwa nsombazi ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, m'maiko monga Thailand, Malaysia ndi Indonesia, kumunsi kwa mitsinje ndi pamathiriro ake. Pamalo pamene mtsinje ulowa m'nyanja yamchere madzi amasakanikirana. Nyanja ikamakwera imakankhira madzi amchere m'kati mwa mtsinje, ndipo ikamatsika madzi a mtsinje amapambananso. M'nyengo ya mvula mchere umachepa, m'chilimwe umachuluka. Kuti ana amvetse malo otere, mphunzitsi awasonyeze pa mapu pamene Zambezi amathira m'nyanja ya Indian pafupi ndi Chinde ku Mozambique.

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana magalamu ngati 35. Lita imodzi ya madzi a mumtsinje kawirikawiri mchere wake sufika theka la galamu. Madzi a pamathiriro ali pakati pa miyeso iwiriyi. Nsomba ya madontho ikali yaing'ono imapirira madzi opanda mchere, ndipo ogulitsa ambiri amaisunga m'madzi otero. Wogula amaganiza kuti ndi nsomba ya mumtsinje, naiweta choncho. Koma ikamakula imafuna mchere wochulukirapo, ndipo ikaumanidwa imadwaladwala, mimba yake yoyera ija imada, mpaka imafa isanakwanitse zaka zake.

Chifukwa chimene mchere uli wofunika

Mayi akathira mchere pa tomato wodula, patapita kanthawi m'mbalemo mumadzala madzi. Ana onse anaziona zimenezi, ndipo mphunzitsi ayambire pamenepa. Madzi amadutsa pa kachikopa kopyapyala ka chamoyo kuchokera mbali ya mchere wochepa kunka mbali ya mchere wambiri. Kayendedwe kameneka m'Sayansi amakatcha osmosis.

M'magazi a nsomba muli mchere wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mchere wa m'nyanja yamchere. Tsono chambo, amene amakhala m'madzi opanda mchere, ali ndi mchere wambiri m'thupi kuposa madzi omuzungulira, motero madzi amalowa m'thupi mwake nthawi zonse kudzera m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Iye samwa madzi ambiri, amataya mkodzo wochuluka wosungunuka, ndipo ziwalo zopumirazo zimatola mchere wochepa umene uli m'madzimo. Nsomba ya m'nyanja yamchere ili ndi vuto losemphana ndi limeneli. Madzi amatuluka m'thupi mwake, choncho imamwa madzi amcherewo, nkutulutsa mchere wotsala kudzera m'ziwalo zopumira, ndipo mkodzo wake umakhala wochepa. Nsomba za pamathiriro zimatha kuchita zonse ziwiri, koma thupi limafuna nthawi kuti lisinthe kagwiridwe kake ka ntchito. Ndicho chifukwa chake mchere wa m'thanki suyenera kusinthidwa mwadzidzidzi.

Ana angathe kudzionera okha zimenezi. Adule mbatata ya kachewere m'timizere tofanana, ayeze utali wake ndi rula, ndipo aviike tina m'madzi wamba, tina m'madzi a mchere wambiri. M'mawa mwake adzapeza kuti ta m'madzi wamba talimba, pamene ta m'madzi amchere tafota ndi kufupika pang'ono. Mphunzitsi asafulumire kufotokoza, koma afunse anawo kuti madzi a m'mbatata yofotayo apita kuti.

Kuyeza mchere

Madzi a mchere amalemera kuposa madzi wamba a muyeso womwewo, ndipo chinthu chimayandama bwino m'madzi olemera. Dzira latsopano limamira m'kapu ya madzi wamba, koma mukasungunulamo mchere wokwanira limakwera pamwamba. Chipangizo choyezera mchere, chotchedwa hydrometer, chimagwira ntchito mwa njira yomweyi. Chimayerekeza kulemera kwa madzi a m'thanki ndi kulemera kwa madzi opanda kanthu. Madzi opanda kanthu amasonyeza 1.000, madzi a m'nyanja yamchere amasonyeza pafupifupi 1.025, ndipo madzi osungunulamo magalamu ngati 7 a mchere pa lita imodzi amasonyeza pafupifupi 1.005.

Nsomba ya mizere oweta odziwa amaisunga pa muyeso wa 1.005 mpaka 1.008 moyo wake wonse. Ya madontho amaiyambitsa pa 1.005 ikali yaing'ono, namaonjeza mchere pamene ikukula mpaka kuyandikira 1.020. Nsomba imene yagulidwa m'madzi opanda mchere iyambe yakhala m'madzi oterowo, kenaka muyeso ukwezedwe mosapitirira 0.002 pa mlungu.

Mchere wa patebulo suyenera pa ntchitoyi, chifukwa pafupifupi wonse ndi wa mtundu umodzi, sodium chloride. M'madzi a m'nyanja mulinso magnesium, calcium, potassium ndi michere ina imene imaletsa madzi kusanduka a asidi. Pafunika mchere wokonzedwera mathanki a nsomba za m'nyanja yamchere. Mcherewo usungunulidwe m'ndowa, madzi ayezedwe, ndipo pokhapo athiridwe m'thanki. Kuthira mchere wouma m'thanki mmene muli nsomba kumaipweteka.

Lamulo limene oweta ambiri amaliiwala ndi ili: madzi akamauma ndi kutentha, mchere umatsalira. Mphunzitsi athire madzi amchere m'mbale yafulati, aiike padzuwa, ndipo ana adzaona mchere utayera pansi madzi atatha. Atatha kuona zimenezi, awapatse samu iyi. Thanki ili ndi malita 100 a madzi, ndipo pa lita iliyonse pali magalamu 7 a mchere, kutanthauza magalamu 700. Malita 10 auma. Magalamu 700 aja tsopano ali m'malita 90, ndiye kuti pa lita imodzi pali magalamu pafupifupi 7.8. Woweta akabwezeramo malita 10 a madzi opanda mchere, muyeso ubwerera pa magalamu 7. Koma akabwezeramo madzi amchere, aonjeza magalamu 70, ndipo akachita zimenezi kakhumi mchere wa m'thankimo udzakhala wowirikiza kawiri. Motero madzi ouma okha amabwezeredwa ndi madzi opanda mchere, pamene madzi otungidwa ndi dzanja poyeretsa thanki amabwezeredwa ndi madzi amchere a muyeso womwewo.

Nyanja ya Chilwa ndi chitsanzo chabwino cha lamuloli. Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo, kotero kuti madzi amachoka pouma ndi dzuwa, michere nkumatsalira. Madzi akamachepa mchere umachuluka, monga zinachitikira pamene nyanjayi inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndipo nsomba zimene zinapulumuka ndi zimene zinathawira m'mitsinje ndi m'madambo ozungulira. Chimene chimachitika ku Chilwa pa zaka zambiri chingachitike m'thanki yosasamalidwa pa miyezi yochepa.

Kukonza thanki

Nsomba imodzi ya mizere ifuna thanki ya malita osachepera 60, ndipo imodzi ya madontho ifuna malita oposa 100. Ana apeze okha kukula kwa thanki. Ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 40 msinkhu imalowa malita 160, ndipo popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, tebulo loikapo liyenera kunyamula makilogalamu oposa 160. Thanki ikhale pamalo posawomba dzuwa, ikhale ndi chivundikiro, ndipo pansi pake pakhale mchenga wotsukidwa bwino ndi miyala yoti nsomba izibisalamo ndi kuzungulirazungulira. Madzi akhale ofunda, pakati pa madigiri 24 ndi 28 pa sikelo ya Celsius. M'madera ozizira, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pafunika chotenthetsera madzi cha magetsi.

Nsomba isaikidwe m'thanki yatsopano tsiku lomwelo. Zonyansa za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. M'sefa ya thanki mumamera mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo mabakiteriya ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri akakhala wochepa. Kuti mabakiteriyawa achuluke pamapita milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, sefa ikugwira ntchito ndipo woweta akuponyamo kachakudya pang'ono kuti kaole. Pali timankhwala toyezera amoniya ndi nitrite, ndipo nsomba ilowe pokhapokha zonse ziwiri zitasonyeza 0. Nsomba yodzifufumitsa ilibe mamba, choncho madzi oipa amaipweteka msanga kuposa nsomba zina. Pa chifukwa chomwecho mankhwala a nsomba okhala ndi kopa sayenera kuthiridwa m'thanki mwake.

Nitrate amachotsedwa posintha madzi. Mlungu uliwonse woweta atunge gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, abwezeremo atsopano a mchere ndi kutentha kofanana. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe, motero ayambe athiridwa mankhwala ochotsa klorini. Thonje la m'sefa litsukidwe m'madzi otungidwa m'thanki momwemo. Sopo asayandikire thanki, ndowa kapena manja a woigwira.

Nsombayi iwetedwe yokha. Ngakhale ioneka yofatsa, imaluma zipsepse za nsomba zinzake, ndipo ya madontho ikakula imatha kuzipha.

Chakudya ndi mano

Dzina lija lakuti Tetraodon ndi la Chigiriki, ndipo litanthauza mano anayi. Nsombayi ili ndi mano awiri pamwamba ndi awiri pansi, olumikizana ngati mlomo wa mbalame, ndipo amakula moyo wake wonse monga amachitira mano a khoswe. Kwawo imawaperesa poswa zigoba za nkhono ndi nkhanu. M'thanki ikamadya zofewa zokhazokha mano amatalika mpaka imalephera kutsegula pakamwa, nifa ndi njala chakudya chili pomwepo. Choncho nkhono zazing'ono, zosaposa diso la nsombayo kukula kwake, zisasowe pa chakudya chake. Imadyanso nyongolotsi ndi tinkhanu. Yaing'ono idye tsiku ndi tsiku, yaikulu idye podumphitsa tsiku, ndipo kudyetsa kuleke mimba ikangoyamba kubulungira. Zotsala zichotsedwe nthawi yomweyo.

Pa nkhani ya nkhono mphunzitsi achenjere kwambiri. Asatume ana kukatola nkhono m'mitsinje, m'madambo kapena m'mphepete mwa nyanja, pakuti mitundu ina ya nkhono za m'madzi imasunga tizilombo ta likodzo, timene timatuluka m'nkhonomo ndi kuboola khungu la munthu amene walowa m'madzi. Nkhono zigulidwe kumene kwagulidwa nsomba, ziwetedwe m'ndowa yapadera ya madzi opanda mchere, nkumadyetsedwa masamba ofutsa. Tizilombo ta likodzo timalowa m'nkhono kuchokera m'mazira otuluka mu mkodzo kapena chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo sitidutsa m'mazira a nkhono. Motero nkhono zoswedwa m'ndowa ya madzi aukhondo zilibe matendawa. Apa mphunzitsi wapeza khomo lolowera m'phunziro la zaumoyo.

Kufufuma ndi poizoni

Mwana aliyense adzafuna kuona nsombayi itafufuma, ndipo ena adzayesa kugogoda galasi kapena kuitosa ndi kamtengo. Mphunzitsi aletse zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Nsombayi ilibe nthiti, ndipo chifu chake chimatambasuka kwambiri, ndicho chifukwa chake imatha kumeza madzi ochuluka chotero. Imachita zimenezi pothawa imfa, kuti mdani alephere kuimeza, ndipo ikatero imatopa. Choopsa koposa ndi kumeza mpweya. Ikatulutsidwa m'madzi ndi ukonde imatha kudzaza chifu ndi mpweya umene imalephera kuutulutsa, nkumangoyandama pamwamba mpaka kufa. Pofuna kuisamutsa, woweta aikuse m'kapu kapena m'botolo pansi pa madzi, ainyamule ili m'madzi momwemo.

Nsomba zambiri za banja limeneli zili ndi poizoni wotchedwa tetrodotoxin m'chiwindi, m'mazira ndi m'khungu. Poizoniyu amaumitsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma, satha ndi kuphika, ndipo alibe mankhwala omusukulutsa. M'chaka cha 1774, ku New Caledonia, Captain James Cook ndi anzake awiri analawa chiwindi cha nsomba yotere nadwala kwambiri, ndipo nkhumba imene inadya matumbo ake inafa. Ku Japan, kumene nsombazi amazitcha fugu, ozikonza m'malo odyera ayenera kukhala ndi chiphaso. Kuyang'ana nsomba m'thanki kulibe choopsa chilichonse, koma ana adziwe kuti siidyedwa. Ikafa ikwiriridwe m'dzenje lakuya kumene mphaka, galu kapena nkhuku sizingaifukule. Mwana asapise dzanja m'thanki, chifukwa mano oswa chigoba cha nkhono angathenso kudula chala.

Ntchito ya ana

Thanki imene mphunzitsi amaisamala yekha, ana nkumangoonerera, phindu lake ndi lochepa. Agawe ana m'magulu a anayi kapena asanu, gulu lililonse likhale ndi mlungu wake. Pakhoma pakhale tchati cha mizere ya tsiku, kutentha kwa madzi, muyeso wa mchere, msinkhu wa madzi pa galasi, chakudya chimene chaperekedwa ndi maonekedwe a nsomba. Ana ayeze pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo alembe chimene aona ngakhale chikhale chosiyana ndi chimene amayembekeza. Mwana amene alemba 1.005 asanayang'ane chipangizo chifukwa dzulo analemba choncho waika moyo wa nsomba pa ngozi, ndipo anzake adzamvetsa msanga chifukwa chake bodza pa miyeso lili loipa.

Pakutha pa mwezi ana ajambule galafu ya msinkhu wa madzi ndi ya muyeso wa mchere, ayerekeze ziwirizo. Adzaona okha kuti pamene madzi akutsika mchere ukukwera, ndiponso kuti mu Okutobala madzi amauma msanga kuposa mu Juni. Apatsidwenso mphindi zisanu zokhala chete pafupi ndi thanki kuti aone zipsepse zimene nsomba ikugwiritsa ntchito posambira ndi mmene imazondera nkhono isanailume. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwana amene waphunzira kudikira mpaka aone chinthu bwinobwino wayamba kale kuchita Sayansi.

Zoyenera kuganizira musanagule

Nsombazi zikasamalidwa bwino zimakhala zaka khumi kapena kupitirira, ndiye kuti ana amene analipo pogula adzachoka pasukulu nsomba ikali moyo. Mphunzitsi adzifunse ngati pasukulupo magetsi amayaka mokwanira, pakuti sefa ikaima nthawi yaitali mabakiteriya aja amafa. Adziwe kumene azigula mchere woyenera chaka ndi chaka, ndi kumene ndalama zake zizichokera. Apangane ndi mphunzitsi wamkulu za munthu amene aziyeza madzi ndi kudyetsa nsomba pa tchuthi, ndiponso amene adzaitenge iye akasamutsidwa. Zikavuta, nsombayo iperekedwe kwa woweta wina. Isatayidwe mumtsinje kapena m'nyanja, chifukwa nsomba yachilendo ingathe kubweretsa matenda kwa nsomba za m'madzimo.

Sukulu zambiri sizingakwanitse zonsezi, ndipo mphunzitsi amene waona kuti sangathe achita bwino kusagula nsombayo. Phunziro la mchere ndi madzi angaliphunzitsebe lonse ndi zinthu za pakhomo: dzira, mbatata ya kachewere, mbale yafulati, botolo ndi mchere wa kumsika. Ngakhale choyezera mchere ana angapange okha pomata dongo ku nsonga imodzi ya kabango kopyapyala kuti kaziima chilili m'madzi, nkulemba chizindikiro pamene madzi wamba alekeza ndi china pamene alekeza madzi osungunulamo magalamu 35 pa lita. Chithunzi cha nsomba chikhomedwe pakhoma, ndipo anawo apatsidwe mabotolo atatu a madzi ofanana maonekedwe kuti apeze, mosalawa, botolo limene nsombayo ingakhalemo ndi moyo.